Makina a microfluidic opangira mankhwala a PET: amafulumiradi pati, ndipo ndi oyenera ndani kuno ku Johannesburg?

Anzathu ogwira ntchito m'madipatimenti a nuclear medicine kuno ku Johannesburg, ndi ophunzira a ku Wits amene akufufuza za mankhwala ojambulira m'thupi, akhala akufunsa za timakina ta microfluidic, toyendetsa madzi ochepetsetsa m'tinjira topyapyala ngati tsitsi, tomwe ogulitsa akuti timapanga m'masekondi owerengeka mankhwala a PET, njira yojambulira m'thupi pobaya wodwala mankhwala otulutsa radiation. Ena amafunsa mtima uli kumudzi: kodi kachipangizo kotere sikangatithandize kuyambitsa PET ku Lilongwe kapena ku Blantyre? Ndemanga ino yatsamira pa NanoTek ya kampani ya Advion, chifukwa ndi makina amene ayesedwa m'malabu ambiri ndipo khalidwe lawo likudziwika bwino. Tikhudzanso iMiDEV ndi njira ya kadontho. Tinene poyambirira pomwe: masekondi akunenedwawo ndi enieni, koma nthawi imene imatayika popanga FDG, shuga wokhala ndi fluorine-18 amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa PET, ili pena, osati pamene makinawa afupikitsa.

Masamu ake ndi awa. Fluorine-18 imataya theka la mphamvu zake pa mphindi 110 zilizonse, gallium-68 pa mphindi 68, carbon-11 pa mphindi 20 zokha. Mukachedwa mphindi khumi, F-18 yatsika ndi maperesenti 6, Ga-68 ndi maperesenti 10, C-11 ndi maperesenti 29. Ola limodzi la pamsewu, monga galimoto yonyamula mankhwala kuchokera mbali za Pelindaba kapena Pretoria ikakumana ndi mdipiti wa m'mawa isanafike ku Parktown, limadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a FDG. Sungani nambala zimenezi, tizifuna kutsogoloku.

FDG imapangidwabe m'njira imene Hamacher ndi anzake a ku Jülich anafalitsa mu 1986. Cyclotron, makina opanga F-18, imawomba madzi a oxygen-18 ndi ma proton, ndipo madzi otuluka mu target (kachitini komwe amawomberedwamo), mamililita ochepa chabe, amadutsa mu katiriji ya QMA momwe fluoride imakakamira. Amaitsitsa ndi Kryptofix 2.2.2 ndi potassium carbonate zosungunulidwa mu acetonitrile ndi madzi pang'ono. Kenako pamabwera kuumitsa. Fluoride yonyowa ndi yaulesi: madzi amaikuta mbali zonse moti siluma chilichonse. Choncho mumatenthetsa, n'kumapemerera nitrogen uku mukukoka mpweya ndi vacuum, n'kuthiranso acetonitrile youma kawiri kapena katatu. Apa pokha pamapita mphindi zisanu mpaka khumi. Mukatero ndiye mumathira mannose triflate, precursor ya FDG (chinthu chimene fluoride imalumikizika nacho), mamiligalamu 20 kapena kuposerapo, ndipo reaction yeniyeniyo imatha mphindi ziwiri mpaka zisanu. Sodium hydroxide imachotsa ma acetyl, mankhwala amadutsa mu tC18 ndi alumina, potsiriza mu sefa ya 0.22 micron. Makina a kaseti monga FASTlab ya GE, Synthera ya IBA kapena AllinOne ya Trasis amamaliza zonsezi pa mphindi 25 kapena chapompo, ndipo batch imodzi imakwanira odwala a zipatala zingapo m'mawa wonse. Mpikisano wa microfluidic uli ndi makina amenewa.

Mukatsegula kabokosi ka reactor ya NanoTek mupeza kachubu ka galasi la fused silica kokulungidwa ngati ulusi. Bowo lake ndi 100 micron, kukula ngati tsitsi la munthu. Ka mamita awiri kamalowa ma microlitre 15.7, ka mamita anayi 31.4. Poyerekeza, dontho limodzi la madzi ndi ma microlitre 50 kapena chapompo, ndiye reaction yonse ikuchitikira m'malo osakwana dontho. Mapampu a sirinji awiri amakankha, ina precursor, ina fluoride youma, ndipo ziwirizi zimakumana pakhomo pa kachubu kotentha. Pampu yachitatu ndi ya reaction yachiwiri ngati tracer yanu, ndiye kuti mankhwala ojambulirawo, ikufuna masitepe awiri. Pampu iliyonse ikamakankha ma microlitre 15 pa mphindi, madzi amakhala m'kachubu ka mamita awiri masekondi 31.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo ndi wogwirika. Kachubu kopyapyala chonchi kamatentha nthawi yomweyo, kopanda mbali yozizira. Mukaika back-pressure regulator kumapeto, acetonitrile, yomwe imawira pa madigiri 82, mutha kuifikitsa pa 150 osawira, ndipo reaction imene imakakamira mu botolo wamba imayenda. China chimene ambiri sachidziwa ndi nkhani ya radiolysis, kuwonongeka kwa mankhwala chifukwa cha radiation yawo yomwe. Positron ya F-18 imayenda m'madzi pafupifupi theka la milimita isanathe mphamvu, nthawi zina kupitirira mamilimita awiri. M'kachubu ka 100 micron, ma positron ambiri amatulukira kukhoma asanawononge zambiri m'madzimo. Kwa tracer yosachedwa kusweka, limeneli ndi phindu.

Koma ntchito imene makinawa amaigwira koposa ena onse ndi kufufuza. Kuchokera pa batch imodzi ya fluoride mutha kuthamangitsa ma reaction makumi angapo tsiku limodzi, iliyonse ndi ma microlitre 10 kapena 20: pa madigiri 90, pa 110, pa 130, kenako kusintha liwiro, kenako kuchuluka kwa precursor. Pa makina a kaseti mumachita zochepa chabe, hot cell (kabati ya mtovu momwe makina amakhala) n'kutsala ndi radiation kwa maola ambiri. Wophunzira wa PhD amene precursor yake anaivutikira miyezi itatu n'kupeza mamiligalamu asanu okha akumvetsa chomwe tikunena. Pa ntchito imeneyi NanoTek tikuipatsa ulemu wonse.

Tsopano pamene ogulitsa salankhula mokweza. Masekondi 31 aja ndi nthawi imene kachigawo kamodzi ka madzi kamakhala m'kachubu, si nthawi yomalizira ntchito. Chigayo chimaphwanya njere imodzi m'kuphethira kwa diso, koma thumba lonse mumalidikira. Ngati fluoride yanu mwaisungunula mu ma microlitre 400 ndipo pampu ikukankha 15 pa mphindi, mudikira mphindi 27 kuti yonse idutse, nthawi imene FASTlab yamaliza kale batch yathunthu. Mukakweza liwiro kufika 100 pa pampu iliyonse, mumaliza pa mphindi zinayi, koma ngakhale m'kachubu ka mamita anayi madzi akhalamo masekondi 9 okha, ndiye muyenera kuyesanso ngati reaction ikutha. Zimene munapeza pa timadontho ta kafukufuku sizisamukira zokha ku batch ya odwala.

Ndipo kuumitsa kuja sikunachoke. Concentrator ya NanoTek ndi kabotolo wamba kotenthetsedwa, ka nitrogen ndi vacuum, monga pa makina ena onse. Mphindi zisanu mpaka khumi zija zilipobe, ndipo pali vuto lina loonjezera: fluoride ina imamatirira kukhoma la botolo n'kukana kusungunuka mu acetonitrile yochepayo. Mukamaliza ntchito, yezani botolo lopanda kanthulo mu dose calibrator, chipangizo choyezera radiation. Nambala imene muipeze ndi mankhwala amene sanafike n'komwe pa reactor. HPLC yoyeretsera, kwa ma tracer amene amaifuna, nayonso ndi yomweija. Ndiye mwafupikitsa reaction ndi mphindi zitatu kapena zinayi, zomwe pa F-18 ndi maperesenti awiri kapena awiri ndi theka. Maloboti awiri akafa pa msewu wolowera m'tauni, phindu limenelo latha.

Chimene chimavuta tsiku ndi tsiku ndi kutsekeka. Potassium carbonate sisungunuka bwino mu acetonitrile youma, ndipo kambulu kamodzi ka mchere n'kokwanira kutseka bowo la 100 micron. Mumaona pa kompyuta pressure ikukwera, pampu n'kuima, mankhwala onse ali m'chubu. Simungatsegule hot cell nthawi yomweyo. F-18 imafuna maola 18 kuti itsike kufika gawo limodzi mwa 1,000. Tsiku limenelo lapita. Njira zopewera zilipo. Chepetsani carbonate, kapena sinthani ku bicarbonate. Ambiri amakonda tetraethylammonium kapena tetrabutylammonium bicarbonate chifukwa zimasungunuka bwino ndipo sizipsereza precursor. Precursor idutse mu sefa ya PTFE ya 0.2 micron isanalowe mu loop. Mukangomaliza, tsukani mzere wonse ndi madzi kuti mchere uchoke, kenako acetonitrile kuti madzi achoke, osadikira mawa. Madzi otsalira mumzere ndi amene amachititsa kuti reaction yoyamba ya tsiku izituluka yofooka, anthu n'kumanamizira precursor. Podula kachubu gwiritsani ntchito kodulira ka ceramic ndipo yang'anani podulapo ndi galasi lokuzira. Kakadulidwa mopendekeka kamadontha, ndipo tizidutswa ta khungu lake la polyimide timalowa mkati. Fitting yomangidwa mopitirira imaphwanya galasi. Khalani ndi ma reactor ena osungira mu kabati, pakuti kuitanitsa kunja si nkhani ya mlungu umodzi.

Pali zinthu zitatu za kuno zimene buku la makina silinena. Choyamba, Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi amawira pa madigiri 94 kapena chapompo. M'kachubu muli pressure, ndiye mulibe vuto, koma mu concentrator madzi amawira msanga kuposa momwe protocol yolembedwa ku labu ya m'mphepete mwa nyanja ikuyembekezera. Akawira mwamphamvu amathovukira kukhoma ndi ku mzere wa vacuum, fluoride n'kupita nawo. Yambani ndi kutentha kotsikirapo ndi vacuum yofatsa, ndipo yezani trap. Chachiwiri ndi dzinja la June ndi July. DMSO imaundana pa madigiri 18 kapena 19, tert-butanol pa 25. Labu ikagona yozizira, m'mawa mupeza mizere yolimba, ndipo wosadziwa amayamba kumasula reactor yabwinobwino. Chachitatu ndi magetsi. Akazima pakati pa ntchito, pampu imaima koma chitsulo cha reactor chimakhalabe chotentha, ndipo zomwe zili m'kachubu zimapserera momwemo. UPS (batire yothandiza magetsi akazima) ya makina ndi kompyuta yake iwerengedwe pa mtengo wogulira.

Kodi makinawa anapangirapo mankhwala obaya munthu? Inde. Mu 2014 gulu la ku Massachusetts General Hospital linafalitsa za T807, tracer yoonetsa tau mu ubongo, yopangidwa pa NanoTek n'kugwiritsidwa ntchito pa munthu. Zimatheka. Koma kumbukirani kuti kachubu, ma loop ndi ma valve ake sizitayidwa mukamaliza. Pansi pa malamulo a GMP, a kapangidwe kabwino ka mankhwala, amene kuno amayang'aniridwa ndi bungwe la SAHPRA, muyenera kutsimikizira ndi mapepala kuti kutsuka kwanu kumachotsadi zotsalira za batch yapita. Kaseti yotaya inabwera kudzathetsa mutu umenewu, ndipo n'chifukwa chake malo opangira mankhwala a odwala amaikakamira.

Apa iMiDEV ya kampani ya PMB ya ku France inasankha bwino: timinjira take tili mu kaseti ya pulasitiki yotaya, yokhala ndi timazipinda toikamo resin ndi chipinda chimodzi cha reaction, ndipo madzi amakankhidwa ndi mpweya. Yayesedwa ku Nancy ndi ku Karolinska ku Stockholm pa ma tracer a Ga-68 ndi C-11. Pa C-11, pomwe mphindi iliyonse imadya maperesenti atatu, kufupikitsa kuli ndi tanthauzo lenileni. Choipa chake n'chakuti mwamangika kwa wogulitsa mmodzi wa makaseti, olipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo resin m'timazipinda tating'ono chotere ikapakidwa mosiyana pang'ono, kayendedwe ka madzi kamasinthanso.

Njira ya kadontho, imene labu ya Michael van Dam ku UCLA yaitukula, ndi imene ife tikuiona kuti yagwira pa muzu wa vuto. Ndi kachip ka silicon kopakidwa Teflon, kokhala ndi kabwalo ka mamilimita anayi komwe madzi amakhazikika. Kadontho ka ma microlitre 10 kamauma pomwepo m'kanthawi kochepa, precursor imadonthezedwa pamalo omwewo, ndipo palibe kachubu kotseka. Precursor imachepa kakhumi mpaka ka 100, choncho kuyeretsa kumatheka pa column yaing'ono ya analytical m'malo mwa semi-prep. Popeza ma reagent ndi ochepa, fluorine wamba wolowerera ndi wochepanso, ndipo molar activity, kuchuluka kwa radiation poyerekeza ndi kuchuluka kwa mankhwalawo, imakwera, chinthu chofunika kwambiri pojambula ma receptor a mu ubongo wa mbewa. Aliponso ma chip a mabwalo 16 oyesera zinthu zambiri pakamodzi. Zafika patali poyerekeza ndi chip ya PDMS ya mu 2005, ya magulu a ku Caltech ndi UCLA, imene inapanga FDG yokwanira mbewa basi, ndipo mphira wakewo unkamwa fluoride ina. Vuto lotsala ndi kufinya madzi a mu target, mililita imodzi kapena kuposa, kuti akwane m'kadontho. Pamafunika katiriji kakang'ono kapadera. Komanso iyi ikadali njira ya m'malabu a kafukufuku.

Za nanomaterial, tinjere ting'onoting'ono kwambiri, tinene mwachidule, chifukwa zambiri zikadali pa pepala. Chokopa kwambiri ndi cha mu 2015, pamene ofufuza a ku UCLA anaonetsa kuti tinjere ta titanium dioxide timathandiza fluoride kugwira precursor ya tosylate ngakhale madzi atafika gawo limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza kuti kuumitsa kungalumphidwe. Koma ufa umenewo uyenera kusefedwa wonse mankhwala asanapite kwa wodwala, ndipo ufa ndi kachubu ka 100 micron sizigwirizana. Ofufuza a ku Bhabha Atomic Research Centre ku India apanga ma sorbent a tinjere ting'onoting'ono a zirconia ndi alumina a ma generator okamamo Tc-99m kuchokera ku molybdenum-99 (Mo-99), ogwira molybdenum wochuluka kwambiri kuposa alumina wamba. Amathandiza maiko odalira Mo-99 yofooka. Kuno, komwe reactor ya nyukiliya ya SAFARI-1 yakhala ikuyaka ku Pelindaba kuyambira 1965 ndipo kampani ya NTP ndi mmodzi mwa opanga Mo-99 akuluakulu pa dziko lonse, kufunika kwake n'kochepa. Ndipo paja nanomaterial si yachilendo m'dipatimenti: nanocolloid ya Tc-99m imene mumabaya pofufuza sentinel node pa khansa ya m'mawere ndi yomweyo.

Tibwere ku funso la kumudzi. Makina a microfluidic sapanga F-18, amangoiphika. Popanda cyclotron alibe ntchito, ndipo kutumiza F-18 pa ndege n'kowawa: ulendo wa Johannesburg ndi Lilongwe umaposa maola awiri mumlengalenga, ndipo mukaphatikiza kupakira, mapepala ndi msewu wochokera ku Kamuzu International Airport, maola asanu akwana. Pa maola asanu mwatsala ndi maperesenti 15. Khomo lotseguka ndi generator ya Ge-68 ndi Ga-68, osati jenereta ya magetsi ayi, koma kachitini ka mtovu komwe mumakama gallium ndi asidi. Germanium-68 imatsika ndi theka pa masiku 271, ndiye generator imodzi imagwira miyezi yambiri. Ya iThemba LABS ku Cape Town ndi ya tin dioxide ndipo imakamidwa ndi HCl ya 0.6 M; GalliaPharm ya Eckert & Ziegler ndi ya titanium dioxide, ya 0.1 M. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa asidi wamphamvu amafuna buffer yambiri kuti pH ifike pa 4 mpaka 4.5. Kuti mamililita asanu alowe mu chip, mumagwira gallium pa katiriji ya SCX n'kuitsitsa ndi theka la mililita ya sodium chloride ya 5 M yokhala ndi asidi pang'ono. Njirayi imachotsanso germanium yodutsa, yomwe siyenera kuposa 0.001 peresenti. Mukakama, dikirani maola anayi kuti generator idzazenso. Zitsulo monga iron ndi zinc zimalimbirana peptide ndi gallium, ndiye singano yachitsulo isakhudze asidiyo.

Koma onani wopikisana naye: kit ya botolo limodzi. PSMA-11, ya khansa ya prostate, imagwira gallium pa mphindi zisanu popanda kutenthetsa. DOTATATE imafuna madigiri 95 kwa mphindi zisanu ndi ziwiri mpaka khumi. Palibe pampu, palibe kachubu, palibe kompyuta. Kwa chipatala chimene chikuyamba kumene, chopanda injiniya wa makinawa m'dziko lonse, kit ndi yanzeru kuposa chip ina iliyonse. Ndalamazo zipite ku PET/CT, dose calibrator, radio-TLC yoyezera kuyera kwa mankhwala, ndi ziphaso za ku Malawi za Atomic Energy Regulatory Authority ndi PMRA, bungwe loona za mankhwala.

Chimene chimapha loto la "mlingo umodzi pamene mwaufuna" ndi quality control (QC), kuyesa ubwino wa mankhwala. Batch iliyonse ya FDG, kaya ndi ya wodwala mmodzi kaya makumi atatu, imayezedwa chimodzimodzi: maonekedwe, pH, half-life pakati pa mphindi 105 ndi 115, mzere wa 511 keV, radio-TLC yosachepera maperesenti 95 malinga ndi pharmacopoeia ya ku Europe, Kryptofix yotsalira, acetonitrile yotsalira pa GC, endotoxin, ndi kuyesa ngati sefa sinabooke. Zimenezi zimatenga theka la ola kapena kuposa, ndipo za sterility zotsatira zake zimabwera patatha masiku 14, wodwala atajambulidwa kalekale. Mukapanga ma batch asanu ndi atatu ang'onoang'ono, mwachita QC kasanu ndi katatu, ndi munthu wake, ndi ma reagent ake. BG75 ya kampani ya ABT inayesa kuyankha zimenezi pophatikiza cyclotron yaing'ono ya 7.5 MeV, kakhadi kopangira FDG ndi QC yodzichitira yokha m'dongosolo limodzi. Lingaliro lake ndi la malo akutali okhala ndi odwala ochepa, osati Gauteng komwe FDG imafika pa galimoto m'mawa uliwonse.

Ndiye agule ndani? Labu ya yunivesite kapena malo ofufuzira ngati NuMeRI ku Pretoria, amene amapanga ma tracer atsopano ndi kujambula nyama zing'onozing'ono, ndi amene makina ngati NanoTek amawayenera, bola pakhale munthu mmodzi woleza mtima amene makinawo ndi ake. Chipatala chongofuna FDG ya odwala a khansa chisavutike nazo. Wopanga ma tracer apadera a odwala awiri kapena atatu pa mlungu ayang'ane za kaseti yotaya, atawerengera mtengo wa kaseti imodzi itafika pa OR Tambo ndi msonkho wake.

Wogulitsa akabwera ndi graph yoonetsa maperesenti 90, mufunseni kuti nambalayo yachokera pati. Kawirikawiri ndi ya radio-TLC ya kadontho kotengedwa pakamwa pa reactor, yomwe siwerenga fluoride yotsala mu concentrator, yomatirira m'kachubu, ngakhale yotayika pa HPLC. Pemphani nambala ziwiri: mphindi zonse kuchokera pamene cyclotron yaima kufika pamene mankhwala ali mu botolo losefedwa, ndi ma megabecquerel a m'botolomo poyerekeza ndi amene analowa, osakonzedwa ndi masamu a decay, pa ma batch atatu otsatizana a mphamvu yokwanira wodwala.